Sinthani chiwongolero, koma musanamize kanyali kofiira

Mukaima pafupi ndi Mukuyu m'tauni Loweruka madzulo, simuchedwa kuona Altezza kapena Mark X yotsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kukwecha pansi, magalasi akuda bii, nyimbo zikugunda. Mnyamata akatsitsa galasi kuti apatse moni anzake, suzumirani mkati. Nthawi zina mudzapeza kuti chiwongolero chimene motokayo inabwera nacho kuchokera ku Japan palibe. Pamalo pake pali kachiwongolero kakang'ono ka miyendo itatu, pakati palembedwa Momo kapena Nardi. N'kokongola, sindikana. Inenso ndinakasirirapo.

Ndinene poyambirira pomwe, anzanga. Kusintha chiwongolero, chimene pagalaja timangochitchula kuti sitiyaringi, ndi ntchito imene mungathe kuigwira nokha pakhomo, ndipo ine ndili kumbali ya amene akufuna kuphunzira. Chimene ndikutsutsa n'chimodzi chabe: kuchotsa eyabagi, kenako n'kunamiza kanyali kofiira ka pa dashibodi kuti kazionetsa ngati zonse zili bwino. Maganizo amenewa ndinawapeza nditawononga ndekha kachipangizo ka m'motoka yanga, ndipo ndinatsala pang'ono kulipira ndalama kuti andiikire bodza limeneli.

Kabwe ndi tauni ya anthu a manja. Njanji inafika kuno mu 1906, likulu la Zambia Railways lili konkuno, ndipo mgodi usanatsekedwe mu 1994 unaphunzitsa anthu ambiri kugwira sipanala. Ku Railways, ku Bwacha, ku Katondo, mabanja ambiri ali ndi agogo kapena amalume amene anagwirapo ntchito ya zitsulo. Mgodi utatsekedwa ntchito zinasowa, koma luso linatsala m'makomo. Choncho ndikamva wina akuti wachinyamata asamakhudze motoka yake, azingopita nayo kugalaja, ndimaona kuti munthuyo sakutidziwa. Ndalama imene mukanalipira makanika mumaguliramo mafuta. Komanso munthu wodziwa mkati mwa motoka yake sanamizidwa msanga.

Yanga ndi RunX, yokalamba kuposa ana a ku sekondale. Chiwongolero chake chinali chitasupuka. Dzuwa la Okutobala likawomba chinkamata m'manja ngati chingamu, n'kusiya zakuda m'zikhatho. Ndinapeza china cha mtundu womwewo kwa ogulitsa masipeya a salaula ku Lusaka, chopanda eyabagi, poti ndinkafuna kungosamutsira yanga yakale pa chatsopanocho. Ndinaitana amalume anga, amene anapuma ntchito ku wekishopu ya njanji, kuti adzandiyang'anire. Anabwera, anakoka mpando, anakhala pansi pa mtengo wa mango. "Gwira wekha, mphwanga," anatero. "Ine ndabwera kudzaona chabe."

Ntchito yake imayenda motere. Mumaimika motoka pamalo osalala, mawilo akutsogolo atawongoka ndendende, n'kuchotsa kiyi. Kenako mumamasula waya wa negativu pa batire ndi kumuika patali kuti asakhudzenso. Apa musathamange. Kompyuta ya eyabagi imasunga magetsi pang'ono ngakhale batire itachotsedwa, n'cholinga choti pa ngozi, batire ikaphwanyika, eyabagi ithe kuphulikabe. Mabuku a Toyota amati mudikire masekondi osachepera 90, ndipo makampani ena amanena nthawi yotalikirapo. Ine ndinadikira mphindi 10, poti kudikira salipiritsa.

Eyabagi imakhala pakati, pansi pa pamene mumadina hutala. Pa ma Toyota ambiri a zaka zimenezo imagwidwa ndi masikuluu awiri a Torx, a saizi T30, m'mbali mwa chiwongolero. Mamotoka atsopanopo ali ndi timawaya togwira ngati msampha, timene mumakankha ndi sikuludiraiva kudzera pa kabowo. Ikamasuka mumaikoka pang'onopang'ono n'kumasula mapulagi a kumbuyo. A eyabagi nthawi zambiri amakhala achikasu ndipo ali ndi kaloko kake, choncho musawakoke ndi mphamvu. Poinyamula, mbali ya chizindikiro iloze kutali ndi nkhope yanu. Poiika pansi, chizindikiro chiyang'ane kumwamba, chifukwa mukaigoneka chafufumimba n'kuphulika mwangozi, chitsulo chonsecho chimauluka ngati mwala wa pa legeni. Musayesenso kuiyeza ndi mita ya magetsi. Kamagetsi kochokera mu mitamo kangathe kuiyatsa.

Tsopano nati yaikulu ya pakati. Mukaimasula, lembani kamzera ndi maka pa nsonga ya shafiti ndi pa chiwongolero, kuti mudziwe pamene chatsopanocho chikhale kuti chiwongoke. Natiyo musaichotseretu, isiyeni itagwira pang'ono. Chiwongolero chimakhala chitakakamira pa mano a shafiti, ndipo chikamasuka mwadzidzidzi inu mukukoka ndi mphamvu zonse, chimabwera kukamwa. Nati ija ndiyo imapulumutsa mano anu. Pobwezera, imafuna kumangidwa pa mlingo wake, umene pa ma Toyota ambiri ndi pafupifupi 50 Nm. Bwerekani torque wrench, mkono suyeza. Zonse zikabwerera m'malo, lumikizani batire m'motoka mulibe munthu, ndipo potembenuza kiyi koyamba musakhale moyang'anizana ndi chiwongolero. Kenako yesani hutala, yesani ngati indiketa ikuzima yokha mukamaliza kukhota, ndi kuyenda pang'ono pamsewu wowongoka kuti muone ngati chiwongolero chakhala pakati.

Zonsezi ndinachita bwino, amalume akungogwedeza mutu. Cholakwa chinachitika chiwongolero chakale chitachoka, chatsopano chisanalowe, pamene tinaitanidwa kukadya nsima.

Kuseri kwa chiwongolero kuli kachipangizo kozungulira kotchedwa clock spring. Mkati mwake muli kachingwe kopyapyala ka mawaya kokulungidwa ngati nkhata. Ntchito yake ndi kupititsa magetsi ku hutala, ku mabatani ndi ku eyabagi pamene chiwongolero chikuzungulira. Mukakhotera mbali imodzi kamamangika, mukakhotera mbali inayo kamamasuka. Kali ndi malire, pafupifupi maulendo asanu kuchoka kumapeto kuno kufika kumapeto uko, motero kayenera kukhala pakati mawilo akawongoka. Anthu odziwa amakamata ndi tepi akangochotsa chiwongolero. Kakasuntha, amakazunguliza mofatsa mpaka kataima, n'kukabweza pafupifupi maulendo awiri ndi theka mpaka zizindikiro zake zitakumana, monga zalembedwera pa kapepala kake. Ine sindinakamate. Kamwana ka mlongo wanga kanalowa m'motoka, kanapeza kanthu kozungulira, kanasewera mpaka kutopa. Nditabwerako ndinangoika chiwongolero, osadziwa kanthu.

Tsiku lotsatira, potembenuza motoka pafupi ndi msika, ndinakhotetsa mpaka kumapeto ndipo ndinamva kanthu kakuti thyo. Hutala inasiya kulira. Kanyali kofiira kaja, ka munthu wokhala pampando ndi mpira patsogolo pake, kanayaka osazimanso.

Pagalaja ina mnyamata anayang'ana n'kuseka. "Iyi ni nkhani ing'ono, bosi. Clock spring ni yodula. Tifakepo chabe rezisita, kalaiti kazazima manje manje. Huta tizaika batani pambali."

Rezisita ndi kanthu kakang'ono ngati njere ya nyemba. Kompyuta imadziwa kuti eyabagi ilipo poyeza mmene waya wake akukanira magetsi, ma ohm awiri kapena atatu. Mukalumikiza rezisita ya mlingo womwewo, kompyuta imakhulupirira kuti zonse zili m'malo, kanyali n'kuzima. Tsiku la ngozi kompyuta imatumiza lamulo lakuti phulika, ndipo lamulolo limakafikira kanjere kotchipa ngati vitumbuwa, eyabagi osamva kanthu.

Ndinakopeka, chifukwa mwezi unali pakati ndipo m'thumba munali mphepo. Nditawafotokozera amalume anakhala chete kanthawi. Kenako anati: "Ku njanji, siginolo inapangidwa kuti ikawonongeka igwere pa 'ima'. Sitima imachedwa, anthu amadandaula, koma amafika. Imene tinkaiopa ndi siginolo yonena kuti 'pita' pamene kutsogolo kuli sitima ina. Ndiye iwe ukufuna kulipira munthu kuti akupangire yoteroyo?" Motoka inaima pakhomo masabata atatu, ine ndikukwera minibasi, mpaka nditapeza ndalama ya clock spring ina.

Tibwerere ku kachiwongolero ka Momo kaja. Kuti kalowe pa Altezza pamafunika chitsulo cholumikizira chotchedwa boss kit, ndipo eyabagi ya dalaivala ilibe malo pamenepo. Imachotsedwa, imaponyedwa m'kabati kapena kugulitsidwa, rezisita n'kutenga malo ake. Ma boss kit ena amabwera ndi rezisita m'bokosi momwemo. Oikira kumbuyo njira imeneyi amati rezisitayo imathandiza kuti eyabagi ya pasenja ndi malamba zipitirize kugwira ntchito. Pamenepo akunena zoona. Koma sizibweza chimene chachoka patsogolo pa chifuwa cha dalaivala.

Eyabagi imafufuma m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, pafupifupi mamilisekondi 30, ndipo siigwira ntchito yokha. Lamba wa mamotoka ambiri okhala ndi eyabagi ali ndi zinthu ziwiri zobisika. Choyamba chimakoka lamba mwamphamvu ngozi ikangoyamba, kuti thupi likhazikike pampando. Chachiwiri chimamasula lambayo pang'ono mphamvu ikachuluka, kuti asathyole nthiti. Amene anapanga zimenezi analola thupi kupita patsogolo pang'ono podziwa kuti kutsogoloko kuli eyabagi yolilandira. Mukachotsa eyabagi, lamba amachitabe monga anapangidwira. Amakumasulani pang'ono, n'kukuperekani kwa chitsulo ndi mabawuti 6 a pakati pa Momo.

Wina afunsa kuti, "Nanga oyendetsa mamotoka a mpikisano bwanji alibe eyabagi?" N'zoona, alibe. Koma taonani zimene ali nazo: malamba omanga mapewa onse awiri ndi chiuno, mpando wogwira thupi, chisoti, chogwira khosi, ndi mipope yachitsulo yozungulira mkati mwa motoka yonse. Iwo anachotsa chitetezo chimodzi n'kuikapo zisanu. Ife timachotsa chimodzi n'kuikapo sitika. Komanso ziwongolero zambiri zotchipa zolembedwa mayina otchuka si zenizeni. Chenicheni cha Momo, kampani ya ku Italy imene inayamba mu 1964, sichingagulitsidwe pa mtengo wa nsapato za salaula. Chabodza chimatha kupindika kapena kuthyoka pamene mukuchifuna kwambiri. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo ife amene timakumana pansi pa Mukuyu sitiyenera kuuzidwa mwambi umenewu kawiri.

Pali mtsutso wina wolimba kuposa umenewu, ndipo sindiubisa. Eyabagi nazonso zaphapo anthu. Kampani ya ku Japan ya Takata inapanga zophulitsira eyabagi pogwiritsa ntchito ammonium nitrate, mankhwala omwe aja a mu fetereza ndi mu zophulitsira miyala ku migodi. Akakhalitsa pamalo otentha ndi achinyezi amasintha, ndipo zina zinaphulika mwamphamvu kwambiri moti chitsulo chake chinasweka n'kulasa anthu kumaso ndi pakhosi. Zoposa 100 miliyoni zinaitanidwa kuti zikasinthidwe padziko lonse, m'mamotoka a Honda, Toyota, Nissan, Mazda, Subaru, BMW ndi ena, ndipo Takata inagwa ndi ngongole mu 2017. Mamotoka athu ambiri ndi a zaka zomwezo, ndipo analowa pa Nakonde atagwira kale ntchito ku Japan. Choncho mnyamata wonena kuti sakhulupirira eyabagi ya zaka 20 ali ndi chifukwa. Koma mabuleki akakhala okayikitsa timawakonza, sitiwachotsa. Makampani monga Toyota ndi Honda ali ndi masamba pa intaneti ku Japan pamene mungalembe chasisi namba n'kuona ngati motoka yanu ili pa mndandanda. Ikapezekapo, pitani kwa ogulitsa mtundu umenewo kuno ku Zambia mukafunse za kusintha chophulitsiracho.

Ena amangoti, "Motoka ni yanga, moyo ni wanga." Zikanakhala choncho ndikanakhala chete. Koma motoka siyendetsedwa ndi mwini yekha. Mng'ono wanu amaibwereka kupita ku Kapiri Mposhi. Akazi anu amathamanga nayo kuchipatala usiku mwana akatentha thupi. Ena amaipereka kwa dalaivala kuti azigwira nayo takisi. Onsewo amayenda mu Great North Road, msewu umene malole ochokera ku Copperbelt ndi ku Nakonde amadutsa usana ndi usiku, umene aliyense wa ife ali ndi maliro ake amene amakumbukira. Iwo sanasankhe nawo chiwongolerocho, ndipo ambiri sadziwa n'komwe chimene chinachotsedwa.

Tsiku logulitsa motoka likafika, chiwongolero chakale chimabwezedwa kuti mtengo ukwere. Ngati eyabagi inagulitsidwa kale, pamabwera chivundikiro chopanda kanthu mkati, rezisita ili pomwepo, kanyali kali zii. Wogula, mwina mphunzitsi amene watenga loni ya zaka zitatu, amaona zilembo za SRS pa hutala n'kukhulupirira. Ngakhale woyeza fitinesi ku RTSA sangaone ndi maso chimene chili kuseri kwa pulasitiki. Apa nkhani yachoka pa sitayilo, yafika pa kubera munthu chinthu chimene adzachidziwa kuti palibe pa tsiku limodzi lokha, tsiku limene sangathe kubwerera kudzadandaula.

Ndiye ife okonda mamotoka tichite chiyani? Ngati muli ndi Datsun 1200, Peugeot 504 kapena Hilux yakale imene sinabadwe ndi eyabagi, ikani chiwongolero chimene mtima wanu wafuna, bola chikhale cholimba, boss kit ikhale ya motoka imeneyo, hutala izilira. Kumbukirani chabe kuti chiwongolero chaching'ono chimalemera pokhota ngati motoka ilibe pawa sitiyaringi. Ngati motoka ili ndi eyabagi, funani chiwongolero cha kufakitale cha mtundu womwewo. Nthawi zina pamakhala china chokongolapo cha giredi yapamwamba chimene chimalandira eyabagi yomweyo. Apo ayi, chotsani chanu mupite nacho kwa osoka mipando akachikute ndi chikopa chatsopano, ulusi wofiira ngati mukufuna. Ndalamayo imatsala m'tauni mwathu muno.

Dziwaninso polekezera. Mamotoka atsopanopo, okhala ndi VSC kapena njira zina zothandiza kuti motoka isaterereke, ali ndi sensa yoyeza mmene chiwongolero chakhotera, ndipo ikasuntha imafuna makina a kompyuta kuti ibwezedwe. Ngati mulibe buku la motoka yanu, mulibe zida zoyenera, kapena mulibe munthu wodziwa wokhala pafupi monga amalume anga, kupita kwa makanika si manyazi. Safunsa anadya phula. Koma pitani mukudziwa chimene mukufuna, kuti akakutchulirani rezisita mudziwe choyankha.

Pogula motoka, tembenuzani kiyi osaliza injini. Kanyali ka eyabagi kayenera kuyaka masekondi ochepa kenako n'kuzima. Kakapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anachotsa babu kapena anamata tepi kuseri. Kakayaka osazima, pali vuto. Kakachita bwinobwino, kumbukirani kuti rezisita imathanso kuchititsa zimenezo, choncho pemphani makanika amene mumamukhulupirira atsegule aone. Wogulitsa akakana, mwayankhidwa.

RunX yanga ikuyenda. Chiwongolero chake si cha Momo, ndipo palibe amene amatembenuka kuchiyang'ana ndikamadutsa pa Mukuyu. M'mawa uliwonse ndikatembenuza kiyi kanyali kaja kamayaka, ndimawerenga mpaka sikisi, kamazima. Kamwana ka mlongo wanga, kamene kanayambitsa zonsezi, tsopano kakuti kakakula kadzakhala makanika. Amalume akuti adzakaphunzitsa okha, ndipo phunziro loyamba lidzakhala la tepi.